Ndinapita kukagula usipa ku Mvunguti mwezi ukuwala

Amayi anzanga a pamsika wa Lizulu akhala akundifunsa kuti kunyanja ndimayenda bwanji, poti nawonso akufuna ayambeko geni ya usipa. Pamsika sindiyankha zokwanira, chifukwa ukangoti uyambe kufotokoza, kasitomala wafika. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe, kuyambira ndi ulendo woyamba uja wa mu Juni 2021, umene ndinalakwitsa pafupifupi chilichonse chimene munthu angalakwitse.

Ine ndine wa kumapiri, ku Ntcheu. Madzi amene ndinakula ndikuwaona ndi a kudimba, othirira kabichi. Bambo a ana anga atatisiya, geni yanga inali ya kachewere ndi tomato, yomwe pa Lizulu aliyense ali nayo, moti masiku ena umabwerera nayo kunyumba momwe unabwerera nayo. Koma panali mayi wina wa usipa amene dengu lake silinkafika madzulo. Ndinamuyang'ana miyezi ingapo, mtima n'kumandikoka. Kenako ndinatenga ngongole ku banki m'khonde, n'kuphatikiza ndi ndalama ya mbuzi ziwiri, n'kumanga pachitenje. Ndinatsikira pa Masasa, ndinatsetsereka msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere mpaka pa Golomoti, n'kugwira wa ku Monkey Bay. Ndinanyamulanso thumba la kachewere. Sikuti ndinali nditaganiza zanzeru ayi, ndinkangoopa kuti mbatatayo iwola ndikaisiya.

M'galimotomo ndinakhala pafupi ndi mayi wina wa geni yomweyi. Anati ku Msaka ndi ku Chembe kumafika magalimoto, ndiye kumadzaza ogula a ndalama zawo ochokera ku Limbe ndi ku Lilongwe, wa kampamba kochepa ngati ine akangoonerera. "Pitani ku Mvunguti, achemwali. Kulibe msewu, olimbirana nawo ndi ochepa." Sananame. Anangoiwala kundiuza kuti ndiyang'ane kumwamba ndisanakwere boti.

Mudzi wa Mvunguti uli kuseri kwa mapiri, kumpoto kwa Monkey Bay. Pokafika umakwera boti, kapena kudutsa phiri wapansi ngati ulibe katundu. Boti likamakhota pamiyala umayamba waona mchenga, kenako mathandala oyanikira nsomba ali ndandanda, kenako nyumba zothithikana zokwera ndi phiri, ina pamwamba pa inzake, mpaka pamene miyala yakaniza. Mudziwu uli mkati mwa Lake Malawi National Park, pamodzi ndi Zambo, Chembe, Msaka ndi Chidzale. Boma pokhazikitsa pakiyi mu 1980 linapeza anthu alimo kale, linawasiya, koma linaika malire. Phiri ndi la paki, mitengo ndi ya paki, anyani amene amatsika kudzaba ufa ndi a paki. Ngakhale madzi a m'mbali mwa miyala ya paki, mamita 100 kuchokera kumtunda, saloledwa kuponyamo ukonde, chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija timene tinachititsa kuti a UNESCO alembe malowa pa chuma cha dziko lonse mu 1984. Kwa munthu wokhala mmenemo, izi zikutanthauza kuti mudzi sungatambasuke, ndipo munda wooneka palibe. Ufa, masamba, tomato, shuga, zonse zimabwera pa boti. Munda wawo ndi nyanja basi.

Nditatsika, chimene ndinaona ndi mathandala opanda kanthu. Amuna anali pansi pa mitengo kusoka maukonde, ena kusewera bawo. Ndinaima pamchenga ndi thumba langa la mbatata ngati munthu wosochera pa depoti. Mayi wina wachikulire anandiyandikira n'kundipatsa moni, "Mwe uli?" Ndinangoti kakasi. Anaseka, n'kusintha chilankhulo. Anali Mtonga, kwawo ku Nkhata Bay, anabwera ndi amuna awo kalekale potsatira nsomba, monga anachitira ambiri pamudzipo. Ndi anthu a kumpotowa amene amadziwika ndi chilimira, ukonde waukulu wophera usipa. Nditawauza chimene ndadzera, anayang'ana kumwamba, n'kundiyang'ana ine.

"Mwananga, mwabwera kudzagula usipa kapena mwezi?"

Mayi amenewa ndi amene anandisunga, ndipo mpaka lero ndimawatchula kuti amama.

Nkhani ya mwezi ndi iyi, ndipo amene akufuna geni imeneyi aigwire kuposa zina zonse. Usipa amaupha usiku ndi nyali. Maboti amanyamuka dzuwa likamalowa, atakweza mabwato pamwamba. Akafika pakati, munthu mmodzi amene amamutcha siginala amakhala m'bwato lake yekha ndi nyali zowala kwambiri (kale zinali za parafini, pano ndi mababu a batire), n'kumadikira kuti usipa usonkhane pansi pake. Akaona kuti wadzaza amaitana alovi, anyamata olembedwa ntchito yokoka ukonde, iwo n'kuzinga ndi chilimira, n'kukoka. Tsono mwezi ukakhala wathunthu nyanja yonse imawala, nyali ya siginala siikhalanso ndi ntchito, usipa umabalalika. Masiku amenewo ambiri sapita n'komwe, safuna kuwotcha mafuta pachabe. Ndi nthawi yosoka maukonde, yokonza injini, yokaona abale. Ine ndinafika kumapeto kwa Juni, mwezi uli mbee. Ndipo pamwamba pa mwezi panali mwera, mphepo yozizira ya kummwera imene imavuta kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Ikauka imatha masiku atatu kapena anayi, mafunde ali ngati zulu, palibe woika boti pamadzi.

Ndinakhala masiku asanu ndi anayi osagula ngakhale chigoba chimodzi. Ndinkawerenga ndalama usiku uliwonse ngati kuti ziswana. Chimene chinandidyetsa ndi thumba la kachewere lija. Amama anangouza anzawo awiri, tsiku lisanathe mbatata inatha, pamtengo umene pa Lizulu sindikanaulota. Ana anayamba kundiitana "Akachewere", dzinalo linakakamira mpaka pano. Kuyambira pamenepo sindinapitenso kunyanja chimanjamanja. Ndimanyamula kachewere, kabichi, anyezi, nyemba, ndipo ndalama yake ndi imene imalipira ulendo wopita. Mpamba wa usipa sindiukhudza.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndi limene ndinachita chopusa chachikulu. Kunabwera mnyamata wina waulemu wake, wolankhula bwino, n'kuti mawa mwezi uchedwa kutuluka, boti lawo lipita, koma mafuta aperewera. Ndikathandiza, usipa woyamba ndi wanga, pamtengo wotsika. Kachitidwe kameneka kalipodi, sikabodza: ogula okhazikika amapereka ndalama ya mafuta, boti likabwera amayamba ndi iwo. Ndinali nditatopa ndi kudikira, ndipo ndinaona ngati mwayi wandipeza. Ndinamasula chitenje n'kumupatsa pafupifupi theka la mpamba wanga. Tinali awiriwiri kuseri kwa thandala. Amama sindinawauze, ndinkafuna adzadabwe kuti mlendo wawo ndi wochenjera.

Boti linapitadi patatha masiku atatu, ndipo linabwera ndi usipa. Ndinathamangira kumadzi ndi beseni langa, n'kupeza mayi wina wayamba kale kuyeza. Nditati nsombazi ndi zanga, doko lonse linandiyang'ana. Mnyamata uja sanali mwini boti, anali mlovi wamba. Mwini zida sankadziwa kalikonse za ndalama yanga, ndipo mafuta a ulendowo anali atagula ndi mayi ujayo, amene wakhala akugwira ndi boti limenelo zaka zambiri. Ndinakhala pansi pamchenga, miyendo itafooka. Kwathu timati ndalama zalowa m'madzi, koma sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzanena mawuwa madziwo ndikuwaona.

Amama sanandikalipire pagulu. Anadikira tifike kunyumba. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwananga. Mukanandifunsa ine, ndikanakuuzani kuti mwana ameneyo alibe ngakhale nkhafi." Kenako anavala mpango, n'kunditenga kwa wapampando wa komiti ya padoko, ija amati BVC. Doko lililonse lili ndi komiti imeneyi, ndipo ndi kumene milandu ya nsomba imayambira isanafike kwa amfumu. Mnyamata anaitanidwa. Poyamba anakana, poti mboni panalibe, koma anthu anali atamuona akumwa masiku awiri otsatizana nthawi imene aliyense analibe ndalama. Pamudzi waung'ono chonchi palibe chobisika. Anagamula kuti azindibwezera ndi nsomba za gawo lake. Zinatenga miyezi inayi, ndipo zonse sizinabwere, koma zambiri zinabwera. Ndikanakhala ndekha, wopanda munthu wa pamudzipo wondiimira, sindikanaona ngakhale mutu wa usipa.

Pano ndimaperekabe ndalama ya mafuta, chifukwa popanda kutero nthawi ya nsomba zochepa sugula. Koma ndimapereka kwa mwini zida yekha, amama ali pomwepo, ndipo timalemba m'kope, iye n'kusaina. Nthawi zambiri ndimatumiza pa foni kuti uthenga utsale. Ndipo sindipereka kopitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a mpamba, chifukwa ngakhale munthu wokhulupirika amatha kubwera boti lili gwa. Nyanja sisaina m'kope.

Pali china chimene amayi ambiri safuna kuchitchula, koma ndichitchula. Nsomba zikachepa, ogula n'kuchuluka, pamapezeka amuna ena amene amati ndalama yokha siikwanira. Ine anandiuzapo mosapsatira mlovi wina, kuti ndikakhala "wake" sindidzavutikanso kulimbirana. Ndinali ndi ngongole ya banki m'khonde pakhosi, ana atatu kunyumba, ndipo sindinama, ndinamvetsa chifukwa chake ena amagwa. Sindiwaweruza. Koma ndawaonanso akudwala, ndawaona akulandidwa malo pakabwera wina watsopano, mpamba n'kuthera pomwepo. Chimene chinanditeteza ine si kulimba mtima kwanga ayi. N'chakuti ndinkagona m'nyumba ya mayi wolemekezeka pamudzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti wondivuta ine akayankha kwa iwo. Amene amafikira m'tizipinda ta lendi ali okhaokha ndi amene amasautsidwa kwambiri. Njira ina ndi kugwirizana amayi atatu kapena anayi, kusonkha ndalama, n'kugula ngati gulu kwa mwini boti. Gulu salinyengerera kuseri kwa thandala.

Mdima utabwera ndi pamene ndinaudziwa mudziwo. Usiku nyanja inadzaza nyali, ndandanda kutali uko, ngati tauni yamera pamadzi. Cha m'ma 4 koloko m'mawa injini zinayamba kumveka, ndipo mudzi wonse unatsikira kudoko: amayi ndi mabeseni, anyamata a ganyu, ana ang'onoang'ono othandiza kukoka bwato kuti apatsidwe ka ndiwo, nkhwazi zikulira pamitengo, akhwangwala akudikira mwayi wawo. Mtengo sukhala umodzi. Boti loyamba limatchula wokwera. Akabwera ena asanu odzaza, umatsika pamaso pako. Wofulumira amagula modula, wochedwa kwambiri amapeza zatha. Amama anandiphunzitsa kuima kaye n'kuwerenga maboti amene akubwera, ndi kuyang'ana mmene lakhalira pamadzi. Lodzaza limamira m'mbali, limayenda mwaulesi. Ukaona atatu otero kumbuyo, usathamangire loyamba.

Pogula, pisa dzanja pansi pa mulu. Usipa wa pamwamba ndi wa kukoka komaliza, umakhala wowala, wolimba. Wa pansi ndi wa madzulo, wagona m'boti usiku wonse utapsinjika, ndipo ngati mimba zaphulika, ukauma umada n'kumawawa, kasitomala sabweranso. Chigoba tenga chako. Zina zimene zimayenda padoko zinafinyidwa pamoto, zimaoneka zofanana koma sizofanana. Ndipo uzikumbukira kuti zigoba khumi za usipa wauwisi sizikhalanso khumi ukauma. Ine ulendo woyamba ndinawerengera phindu pa wauwisi, n'kumadzimwemwetera ndekha.

Thandala ndi la mwini wake, umalipira. Usipa umaumwaza mopyapyala, osaunjika, n'kumautembenuza, ndipo suchokapo chifukwa akhwangwala, agalu ndi nkhuku nawonso ali pa geni. Nyengo ya mwera ili ndi ubwino umodzi: nsomba zikapezeka zimauma msanga, ntchentche n'zochepa. Nyengo ya mvula ndi imene imaliza anthu. Ndinataya mabeseni anayi tsiku limodzi mu Januwale, mvula itagwa kuyambira m'mawa mpaka mawa lake. Pepala la pulasitiki linatchinga madzi koma nsomba zinafunda pansi pake n'kuyamba fungo. Nthawi imeneyo ndi bwino kufutsa. Umawiritsa madzi a mchere mumphika waukulu, n'kuviika usipa pang'ono chabe uli m'dengu, n'kuutsanulira pathandala. Wofutsa umauma msanga, suwawa, ndipo kumsika umagulidwa bwino. Koma umadya nkhuni, ndipo nkhuni ku Mvunguti si zotola mwachisawawa. Amayi amakwera phiri m'mamawa ndi chiphaso cha paki, kukatola zouma zokha, n'kutsika nazo pamutu m'miyala imene ine ndimaopa ngakhale ndilibe katundu. Ukamagula mtolo usanenerere kwambiri. Ndinayesapo kukwera nawo tsiku limodzi, ndinagona masiku awiri.

Chimodzi chimene ndikupemphani musachite: pali ena amene amathira mankhwala osungira chimanga pa nsomba zouma kuti zisafumbwe. Ndinauzidwapo ngati nzeru ya geni. Nsomba zimenezo akadya ndi ana a anthu, mwinanso ako omwe. Umitsa mokwanira, longedza mosapanikiza m'makatoni kapena m'madengu, gulitsa msanga. Ndipo pokweza pagalimoto uime pomwepo, chifukwa akaika thumba la chimanga pamwamba ukafika ndi zinyenyeswa zogulitsa kwa oweta nkhuku.

Tsopano za nkhono. Amama ankakonda kundiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine nkhonoyo sindinaione maso, koma inandipeza. Pamudzipo chilichonse chimachitikira kunyanja: kusamba, kuchapa, kutsuka mbale, kutunga. Amayi ali ndi mbali yawo yosambira, abambo yawo (funsa tsiku loyamba lomwe, ine ndinalowera kolakwika ndipo nkhaniyo ikusekedwabe). Masana kukatentha ndinkakhala m'madzi nthawi yaitali, poti kwathu zoterezi kulibe. Patatha miyezi iwiri kapena itatu ndinayamba kumva kuwotcha pokodza, m'chinena mukupweteka, kenako ndinaona magazi kumapeto kwa mkodzo. Ndinachita mantha ndi manyazi. Ndinkaganiza kuti anthu akamva adzati wapita kunyanja wakatenga matenda a amuna, pamene ine ndinkadziwa kuti sindinayende ndi munthu. Ndinabisa mwezi wathunthu, n'kumamwa mankhwala ogula pagolosale.

Kuchipatala namwino anangofunsa funso limodzi: "Amayi, mumapita kunyanja?" Anayeza mkodzo, n'kupeza likodzo. Anandifotokozera kuti tizilombo take timachokera mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi, timalowa pakhungu, ndipo timatuluka kwambiri masana dzuwa lili pamutu, nthawi yomwe ine ndinkakonda kusamba. Kwa amayi likodzo limatha kugwira ngakhale njira ya chiberekero, n'kumaoneka ngati matenda opatsirana pogonana, ndipo ambiri amalandira mankhwala olakwika chifukwa sanatchule za nyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel, amapereka molingana ndi kulemera kwa thupi, ndipo uyambe wadya nsima chifukwa amazunguza mutu. Amapha tizilombo tomwe takula m'thupi, koma sakutchinjiriza. Ukalowanso m'madzi omwewo utenganso. Kupewa madzi kwathunthu pa geni imeneyi n'kosatheka, poti boti umalichingamira m'madzi. Chimene ndimachita n'chakuti madzi osamba ndimatunga n'kuwasiya mundowa masiku awiri, kapena kuwatenthetsa, ndipo ndimakayezetsa kawiri pachaka ngakhale ndisakumva kalikonse. Ana a pamudzipo ambiri amakodza magazi, ena mpaka amaona ngati ndi mmene mnyamata amakulira. Zimandiwawa, koma mwana wobadwira pamchenga ungamuletse bwanji nyanja?

Neti ya udzudzu nyamula yako, ndipo ugonemo, usabwereke munthu wokakokera bonya, n'zoletsedwa komanso siibwerera. Malungo a kunyanja si a masewera kwa ife a kumapiri. Amama amakonda kunena za amishoni a ku Scotland, a Robert Laws ndi anzawo, amene anamanga ku Chembe mu 1875, malungo n'kuwasamutsa mu 1881 kupita ku Bandawe, kwawo kwa Atonga. Manda a anzawo amene anatsala alipobe ku Chembeko. "Azungu anathawira kwathu," amatero, "ife n'kubwera kudzakhala kumene anathawako."

Kumtunda timawanena kwambiri anthu a kunyanja. Timati sadziwa kusunga ndalama, akapha lero amamwa lero. Zina n'zoona, ndaona ndi maso mnyamata akulandira ndalama imene ine ndimaipeza pamwezi, pofika Lamlungu akupempha ya sopo. Koma ndinasiya kuyankhula mopepuka usiku wina wa mu Julayi 2022. Mwera unauka pakati pa usiku maboti ali pamadzi. M'mawa anabwera onse kupatula limodzi, ndipo m'menemo munali mdzukulu wa amama. Palibe anayeza nsomba tsiku limenelo. Amayi anaima pamchenga, zitenje kumutu, osalankhula, maso kunyanja. Amuna anathira mafuta m'maboti awiri, mafuta osonkha, wina lita imodzi, wina ziwiri, ngakhale uja anandidyera ndalama anabweretsa kachigubu kake. Anthu a mipingo yosiyana anapemphera malo amodzi. Amama sanadye, anangokhala pamwala, ine pambali pawo, osadziwa chonena. Tsiku lachiwiri madzulo foni inalira: injini inawafera, mphepo inawakankhira kutali, anakatsamira kugombe lina, onse amoyo. Mmene mudzi unaphulikira ndi nthungululu, ine wa ku Ntcheu ndinapezeka ndikulira ngati mwanayo ndi wanga.

Munthu amene usiku uliwonse amakhala pa thabwa, pansi pake pali madzi akuya chotero, n'kumagawana zotsala mwini zida atachotsa za mafuta, ndalama saiona mmene timaionera ife olima, amene timadikira miyezi isanu kuti tikolole. Sindikuti n'zabwino. Ndikungoti ndinasiya kuwaseka. Ndipo anthu omwewa salola mlendo kugona ndi njala. Boti likafika, wamasiye, nkhalamba, wodwala, aliyense amapatsidwa ka ndiwo popanda kupempha kawiri. Pa Lizulu sindinaonepo munthu akupatsidwa kabichi waulere chifukwa choti waima pafupi ndi ngolo.

Ukakhala pamudzipo uzichita nawo za pamudzi. Maliro akachitika geni imaima, upite, usonkhe. Ukafika, kaonekere kwa amfumu kudzera mwa amene akukusunga. Phunzira moni wa Chitonga, ngakhale ungodziwa kuyankha kuti "nde umampha", nkhope zimamasuka. Kukafika a zausodzi kudzalanda maukonde oletsedwa, kapena nyengo yotseka nyanja imene imayamba pa 1 Novembala kuti chambo chiswane, usalowerere mikangano yake, ndipo usagule nsomba zogwidwa mozemba ngakhale zitchipe bwanji. Zikalandidwa panjira, wolira ndi iwe.

Kolera ija inayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, madera a m'mbali mwa nyanja inawagunda kwambiri, Mangochi ali momwemo. Ndinasiya kupita miyezi itatu. Pamalo ngati Mvunguti vuto lake umaliona ndi maso: pansi ndi mchenga wogumuka, kumtunda ndi mwala, chimbudzi chokumba n'chovuta, anthu ndi ambiri pamalo ochepa, ndipo wodwala mpaka akwere boti kuti akafike kuchipatala ku Monkey Bay. Mwera ukakhala utauka, ndiye kudikira. Kuyambira nthawi imeneyo m'chikwama changa simusowa mankhwala othira m'madzi akumwa ndi mapaketi a Thanzi ORS, ndipo ndimasiyako ena kwa amama pobwerera.

Za phindu ndinene zoona: lilipo, koma si la nthano zimene mumamva. Lembani chilichonse m'kope. Boti la iwe, boti la katundu, onyamula, thandala, mchere, nkhuni, chakudya cha masiku odikira, galimoto, chiphaso cha msika. Masiku odikirawo ndi amene amadya phindu mwakachetechete. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mafuta anakwera, usipa padoko unakwera, koma kasitomala wa pa Lizulu ankafunabe mulu wa mtengo wakale. Miyezi imeneyo ndinkangozungulitsa ndalama. Komabe ngongole ya banki m'khonde ndinabweza, mbuzi zinabwerera m'khola, ndipo mwana wanga woyamba ali ku sekondale ndi ndalama ya usipa.

Mu 2024 nyanja inakwera kuposa mmene ambiri anaionera. Nditafika mu Epulo, malo amene ndinakhala pansi n'kulira tsiku lija anali m'madzi, ndipo mizere yakutsogolo ya mathandala inali itazulidwa n'kukapanikizidwa kufupi ndi nyumba. Thandala la amama linali limodzi mwa omizidwa. Ndinawapeza akumanga lina pakati pa khitchini ndi mwala, laling'ono, lopendekeka. Ndinagula misomali ndi nsungwi, mdzukulu wawo uja n'kumanga. Atamaliza, amama anati mbali ya kumanzere ndi ya Akachewere, isamalipidwe.

Masiku ano sindinyamuka ndisanaimbe foni. Kalendala ya pakhoma panga ndinagula yokhala ndi zithunzi za mwezi, ndipo ana amandiseka kuti ndimatuluka panja usiku kukayang'ana kumwamba ngati mfiti. Dzulo amama aimba okha. Akuti mphepo yagona, mdima uyamba Lachinayi, ndibwere ndi anyezi wambiri chifukwa wa ulendo watha sanakwane, ndiponso ndisaiwale mankhwala awo a miyendo.